Mankhwala a Kumunda Asalowe M'khitchini Chifukwa cha Mphemvu

Anzathu alimi, pali khalidwe lina limene lakhazikika m'midzi yathu mwakachetechete, ndipo pamisonkhano ya makalabu sitilitchula. Mphemvu zikachuluka m'nyumba, bambo amatenga botolo la mankhwala otsala opopera thonje kapena matimati, n'kusungunula m'sipuleya yomwe ija ya kumunda, n'kupopera kuseri kwa kabati, pansi pa bedi, ngakhale pamene pamakhala dengu la ufa. M'mawa mayi akasesa mulu wa mphemvu zakufa, banja lonse limati ntchito yagwirika. Pakatha milungu itatu kapena inayi mphemvu zija zabwerera, ndipo ulendo uno mankhwala amathiridwa owirikiza. Ife tikuti khalidweli lithe, chifukwa silithetsa mphemvu koma limaika ana athu pakamwa pa imfa.

Palibe amene angadzudzule munthu wofuna kuthana ndi mphemvu. Tizilomboti timachoka kuchimbudzi kapena kudzala usiku n'kudzayenda pa mbale ndi pa mkute, ndipo pamiyendo ndi m'zitosi zake timanyamula majeremusi otsegula m'mimba monga Salmonella. Zitosi ndi zikhungwa zimene zimafundula zikauma zimasanduka fumbi loyambitsa chifuwa cha mphumu, makamaka kwa ana. Pamwamba pa izo pali manyazi. Mayi amene mphemvu yatuluka m'kapu ya mlendo amafuna mankhwala oti aphe lero lomwe, ndipo ogulitsa a pamsika amalidziwa bwino khumbo limeneli.

Koma tiyeni tiyambe taidziwa mphemvuyo, monga timachitira ndi mbozi za m'chimanga. Zimene zimativutitsa kwambiri ndi za mitundu iwiri. Pali zazikulu zofiirira, zotha kuuluka, zimene zimakonda zimbudzi za maenje ndi ngalande. Palinso zing'onozing'ono zotuwa, zokhala ndi mizere iwiri yakuda kumbuyo kwa mutu, ndipo izi ndiye zimadzaza m'kabati, m'wailesi, m'makatoni ndi m'ming'alu ya tebulo. Yaikazi ya mtundu waung'onowu imaika mazira ake m'kathumba kolimba kooneka ngati kambewu ka nyemba, muli mazira pakati pa 30 ndi 40, ndipo imayenda nako kumbuyo pafupifupi milungu inayi mpaka atatsala pang'ono kuswa. Pamoyo wake imatha kutero kanayi kapena kupitirira apo, ndipo ana ake amakhwima n'kuyamba kuswana pa miyezi iwiri kapena itatu yokha. Zazikulu zija zimaika mazira ocheperapo, pafupifupi 16 m'kathumba kamodzi, koma zimakabisa m'malo amene tsache silifika.

Apa ndi pamene sipuleya imagonjera. Mankhwala opopera amapha mphemvu zimene zawakhudza, koma salowa bwino m'kathumba ka mazira, ndipo safika mkati mwa mng'alu mmene zambiri zimabisala usana wonse. Zimene mwaona zikuthamanga mutayatsa tochi ndi zochepa chabe poyerekeza ndi zimene zili kobisika. Tsono mukapopera lero, mwapha zoyendayenda, mwasiya mazira. Choipa china n'chakuti zopulumuka ndi zimene thupi lake limapirira mankhwalawo, ndipo ndizo zimabereka mbadwo wotsatira. Akatswiri a payunivesite ya Purdue ku America anaonetsa m'chaka cha 2019 kuti mphemvu zopulumuka mankhwala a mtundu umodzi zimatha kubereka ana opirira ngakhale mankhwala ena amene sizinakumanepo nawo. Mlimi wa thonje sangadabwe ndi nkhani imeneyi, poti waona yekha mankhwala amene ankagwetsa mbozi zaka zapitazo akusanduka madzi.

Mphemvu ikupirira choncho, mwana sapirira. Mankhwala monga dimethoate anapangidwa kuti apoperedwe panja pamene pali mphepo ndi dzuwa, wopopera atavala zodzitetezera, ndipo pachizindikiro chake amalembapo masiku oyenera kudikira musanakolole. M'chipinda chotseka mawindo mulibe zonsezo. Mankhwala amakhala pansi pamene mwana amakwawa, pamphasa imene amagonapo, pachipande ndi pamthiko. Amalowa kudzera pakhungu, m'kamwa ndi popuma, ndipo thupi la mwana ndi laling'ono moti mlingo umene wamkulu angangomva nawo mutu, iye umam'komola. Ambiri a ife timasunganso otsala m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, kuseri kwa chitseko, ngati kuti mwana wa zaka zitatu amadziwa kusiyanitsa.

Anzathu amene ali ndi abale ku Joni anamva zimene zinachitika ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024, pamene ana asanu ndi mmodzi anamwalira. Boma la South Africa linatsimikiza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene ankagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe ndi tizilombo ta m'nyumba. M'chaka cha 2025 nduna za boma limenelo zinavomereza kuti mankhwalawo aletsedwe. Tisaganize kuti nkhaniyi ndi yakutali. Timibulu takuda timene kuno timati tameki ndi aldicarb, mankhwala a kumunda omwenso, oopsa kwambiri moti mu 2011 anaikidwa pamndandanda wa mankhwala oyang'aniridwa mwapadera pa malonda a pakati pa mayiko, pansi pa mgwirizano wa Rotterdam. Tameki wosakaniza ndi nsima n'kuikidwa pakona sasankha wodya: khoswe, nkhuku, galu, mwana.

Titchulenso mapiritsi ofukizira chimanga aja. Chifukwa cha umbava, mabanja ambiri anasiya nkhokwe ndipo matumba a chimanga amagona m'nyumba limodzi ndi eni ake. Ena amaponya piritsi pakati pa matumba poganiza kuti lipha anankafumbwe ndi mphemvu nthawi imodzi. Piritsi limenelo likakumana ndi chinyezi limatulutsa mpweya wa phosphine, umene umadutsa pansi pa chitseko ndi pamwamba pa khoma losafika kudenga, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Ndi mankhwala a anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zosungiramo mbewu zosagona anthu. Amene akusunga chimanga kuchipinda ndi bwino agule matumba osalowa mpweya a PICS, amene safuna mankhwala alionse, ndipo awasanje pathandala, motalikirana ndi khoma kuti tsache lizidutsa.

Nanga tichite chiyani? Makolo sanalakwe poitcha mphemvu mdyerakumthiko. Chakudya chake ndi chimene tasiya: mthiko wosatsuka, mphika wa nsima wovundikira madzi kuti utsukidwe mawa, nyenyeswa za pansi pa tebulo, madeya otayikira pakona. Mphemvu imatha mwezi osadya, koma popanda madzi siipitirira sabata imodzi kapena ziwiri, choncho chidebe chosavundikira, mtsuko wodontha ndi chisanza chonyowa ndizo zimaisunga ndi moyo. Mbale zitsukidwe usiku womwewo n'kuuma pathandala, ufa ndi shuga zikhale m'zidebe zotseka bwino, madzi onse avundikiridwe. Ndipo abambo tisanamizire kuti imeneyi ndi ntchito ya amayi okha. Kumata ming'alu ya m'khoma ndi pansi ndi dothi kapena simenti, kukonza chivundikiro chokwana bwino pabowo la chimbudzi, kukumba dzala kutali ndi khitchini, zonsezi zikudikira ife.

Tsiku la dzuwa tulutsani katundu yense panja, kabati, bedi, mipando ndi madengu. Thirani madzi owira m'molumikizira matabwa, ana ali kutali, chifukwa madzi otentha amapha ndi mazira omwe, chimene mankhwala ambiri amalephera. Tithumba ta mazira timene mwatipeza muziphwanya kapena kutiponya pamoto, osangotisesera kunja. Nkhuku zithandiza kutola zothawa, bola musanathire poizoni paliponse. Makatoni akale ndi milu ya manyuzipepala zichoke m'nyumba, ndipo katundu wogula wakale, monga wailesi kapena kabati, muziyamba mwamugwedza panja asanalowe. Mphemvu imene mwaiona ikuthamanga, madzi a sopo okhathamira amaipha pomwepo.

Kuti mudziwe pamene zachuluka, tengani botolo lapakamwa papakulu, ikanimo kachidutswa ka buledi konyowetsa ndi mowa kapena masese, pakani mafuta odzola mkati mwa khosi lake, ndipo kulungani pepala kunja kuti zikwere mosavuta. Zikalowa zimalephera kutuluka. Mabotolo atatu kapena anayi m'malo osiyana adzakuuzani kumene kuli chisa.

Ngati pakufunikabe mankhwala, nyambo imaposa kupopera. M'masitolo ovomerezeka mumapezeka nyambo za mphemvu zokhala ngati phala, zimene mumadontheza pang'onopang'ono m'ming'alu. Mphemvu ikadya imakafera kuchisa, ndipo zinzake zodya zitosi ndi mtembo wake zimafanso. Ufa wa boric acid, kumene ukupezeka, mungausakanize ndi ufa ndi shuga pang'ono n'kuika m'tizitsekerero kuseri kwa kabati. Umapha pang'onopang'ono, moti zotsatira zimaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo nawonso usakhale pofikira ana ndi ziweto. Musapopere pamene mwaika nyambo, chifukwa fungo limazithamangitsa osadya. Choko chophera mphemvu cha pamsika chija tikuchikana: chilibe malangizo omveka, ndipo chimafanana ndi choko chimene mwana amagwira kusukulu. Pitirizani kwa miyezi iwiri kapena itatu kuti ana oswa pambuyo nawo athe. Okhala m'nyumba zamdadada pa ma trading centre achitire limodzi ndi anansi, apo ayi mphemvu zimangosamuka chitseko.

Dziko lathu lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo lamuloli linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti lizilembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Kugulitsa poizoni wopungulira m'timapepala topanda dzina n'kuphwanya lamulo limeneli. Tikupempha kuti oyendera misika azifika ndi m'misika ya kumudzi ya tsiku limodzi pasabata, kumene alimi ambiri timagula. Tikufuna malangizo a pabotolo azilembedwa m'zilankhulo zathu ndi zilembo zoti munthu n'kuwerenga, komanso kuti alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, akamaphunzitsa kapoperedwe, azinena poyera kuti otsala sapita m'nyumba. Makalabu athu asadikire boma pa zimene angathe okha: kalabu iliyonse ikhale ndi malo okiya osungiramo mankhwala ndi masipuleya, ndipo ingasonkhe ndalama yogulira nyambo yovomerezeka ya mamembala onse.

Pomwe tikudikira zimenezo, mabotolo akadali m'nyumba zambiri, choncho zizindikiro tizidziwe. Munthu amene mankhwala a gulu la dimethoate kapena tameki amulowa amatuluka dovu ndi thukuta lambiri, amasanza, amatsegula m'mimba, timaso takuda tapakati timachepa kwambiri, minofu imanjenjemera ndipo amabanika. Muvuleni zovala zimene zakhudza mankhwala, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, mugonekeni chammbali. Musamusanzitse, ndipo musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira monga ambiri amachitira. Thamangirani naye kuchipatala msanga, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho.