Amisili a ku Lundazi apatsidwe mpata wolota

Aliyense wofika ku Lundazi kwa nthawi yoyamba amaima kaye kuyang'ana Castle Hotel. Nyumba ya njelwa imeneyi, ya nsanja zozungulila ngati linga la mafumu a ku Ulaya, inayamba kumangidwa ca m'ma 1948 ndi DC wa nthawi ya atsamunda, Errol Button. Akuluakulu amakamba kuti anaimanga motelo pofuna kukondweletsa mwana wake wamkazi amene anali kukonda nthano. Maganizo anali a mzungu, inde, koma anaumba njelwa ndi kupala zitseko anali makolo athu. Funso langa ndi ili: ngati manja aja anakwanitsa loto la mlendo, n'cifukwa ciani lelo sitiwalola kupanga maloto athu?

Pitani kwa akalipentala pa msika. Kasitomala amabwela ndi cithunzi pa foni, nanena kuti, "Mundipangile sofa ngati iyi." Mmisili amangokopela. Ena amathamangila makabati a utuci wopanikiza ocokela kunja, amene amafufuma akangolawa cinyezi ca dzinja. Ine ndinagulapo imodzi ku Lusaka, ndipo sinaone Khilisimasi yaciwili.

Komatu luso lokongoletsa nyumba si lacilendo kuno. Amai athu amazila zipupa ndi dothi lofiila, loyela ndi lakuda, najambula mizele ndi maluwa popanda kugula penti. Madoda amaluka mphasa za bango, madengu a nsungwi ndi mikeka ya mlaza, ndipo amasema mpando ku cipika cimodzi popanda msomali. Licelo lopacikidwa pa cipupa kapena lophimba getsi limasintha cipinda conse.

Amene akuganiza kuti izi zilibe ndalama apite ku Mfuwe. Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, imajambula nsalu ndi manja, ndipo makatani, nsalu za pa tebulo ndi zophimba mapilo zimagulidwa ndi alendo a ku South Luangwa mpaka kutsidya kwa nyanja. Anthu ake ndi a kum'mawa anzathu, a manja ngati athu omwe.

Mpata ulipo. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo maphunzilo aulele amene anayamba caka comweco anadzaza makalasi, nacititsa kuti madesiki afunike ambili. Nchito imeneyi isamangothela pa kukhoma mapulanga. Mmisili afunsidwe: kodi desiki ya mwana wa giledi 1 iyenela kufanana ndi ya wa giledi 9? Nanga benchi ya pa cipatala pamene amai apakati amadikila kwa maola, singakhale ndi potsamila?

Ena adzati mitengo yatha kale. Akunena zoona. Mlombwa ukusowa, ndipo tonse tinamva mmene mukula unatulukila m'dziko muno m'mathilaki. Koma pamenepo ndiye pofunika nzelu. Mpando wa nsungwi, wa citsulo colukidwa ndi mlaza, kapena wa mapulanga a citseko cakale sugwetsa mtengo ngakhale umodzi. Ena adzati za manja n'zodula. Codula kweni-kweni ndi cimene ugula kawili.

Conco ndipempha khonsolo, eni maloji ndi machalichi kuti pogula mipando ayambe ayang'ana pakhomo, ndipo amusiyile mmisili ufulu woonetsa luso lake. Pa cionetselo ca zaulimi ca m'boma lino pakhale mphoto ya mpando wopangidwa mwaluso, monga imakhalapo ya ng'ombe yonenepa. Nanunso acinyamata, khalani pafupi ndi agogo oluka aja akali moyo, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mlendo akatuluka mu Castle muja, apeze canthu cina ca pa Box One Kanele coti anyamule popita kwao.