ZA PA MPHALA: Wa Kunja kwa Bwalo Saphonya Chigoli

Mwezi uno ndabwera ndi nkhani ya mpira wamiyendo, ndipo ndikupempha amai ndi abambo amene sakonda maseŵero kuti asafulumire kutsegula tsamba lina, pakuti nkhaniyi idatsala pang'ono kudanitsa mabanja kumudzi kwathu.

M'mwezi wa Julaye ndidapita kwathu ku Ntcheu kukazonda mlongo wanga. Nyengo imeneyi anthu amakhala atakolola, ndipo midzi imapikisana pa mpira Loŵeruka masana. Mphotho yake inali mbuzi imodzi ndi yunifomu ya timu yonse. Timu ya m'mudzi mwathu, imene amaiphunzitsa mwaulere mphunzitsi wina wa pa sukulu ya pulaimale, idafika pa ndime yakuti ikapambana ikalimbirane mphothoyo. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 19, ndiye adaali atamwetsa zigoli zambiri kuposa anzake onse. Koma tsikulo, oseŵera 11 ataloŵa m'bwalo, iye adatsala atakhala pa udzu kunja kwa mzere. Adaloŵa m'chigawo chachiŵiri, ndipo maseŵero adatha ife titagonja 1 kwa 0.

Madzulo ake pa golosale panali msonkhano wosaitana. Ena ankati mphunzitsi sadziŵa mpira, chifukwa munthu wanzeru sasiya nkhwangwa yakuthwa kunyumba popita kukadula mtengo. Ena ankati cholakwa chinali kaimikidwe ka oseŵera: anthu 5 pakati ndi mmodzi yekha kutsogolo ndi mpira wamantha. Enanso, amene mau ao adapweteka koposa, ankati pali kukondera, popeza mnyamata amene adayamba m'malo mwa mwana wa mlongo wangayo ndi mwana wa mkulu wina wa m'komiti. Usiku womwewo anyamata osadziŵika adagenda malata a nyumba ya mphunzitsi uja, ana ake ali m'tulo. M'maŵa mwake iye adatumiza mau akuti komiti ibwere idzatenge mipira yake ndi wezulo.

Kutsutsana za mpira si chinthu chachilendo pakati pathu, ndipo sindikuona choipa m'menemo. Ife achikulire tikukumbukira m'mene tinkazungulira wailesi imodzi mudzi wonse, pamene timu ya dziko lathu, ya Flames, idatenga chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa mu 1978, nichitetezanso ku Kenya mu 1979, mphunzitsi ali Ted Powell wa ku England. Idachitenganso mu 1988. Ambiri a ife tinali tisanamuonepo Kinnah Phiri kapena Jack Chamangwana ndi maso, koma tinkatsutsana mpaka nsima kuzizira za mwendo umene Kinnah amamenyera bwino. Ochemerera Bullets ndi ochemerera Wanderers ankanyogodolana sabata yathunthu, kenaka nkukalimira limodzi dimba. Chimene chidandidetsa nkhaŵa kumudzi kuja nchakuti mkangano udafika pa mwala, ndiponso kuti onse okanganawo panalibe ndi mmodzi yemwe adapita kukafunsa mwini nkhani.

Pa golosale paja dzina limene lidatchulidwa kaŵirikaŵiri ndi la Gabadinho Mhango, ndipo mbali zonse ziŵiri zinkamugwiritsa ntchito ngati mboni yao. Tiyeni tiione nkhani yake mofatsa, chifukwa ili ndi phunziro. Mu Januwale 2022 Flames idapita ku Cameroon ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa, kachitatu m'mbiri yathu, pambuyo pa 1984 ndi 2010. Mhango adaali atamwetsa zigoli 16 mu ligi ya ku South Africa m'nyengo ya 2019 mpaka 2020, koma pofika nthaŵi ya mpikisanowu timu yake ya Orlando Pirates inkamuseŵeretsa mwa apo ndi apo. Munthu woŵerenga maseŵero a miyezi yapafupi yokha akadati amusiye. Adamutenga, ndipo titagonja 1 kwa 0 ndi Guinea, iye adamwetsa zigoli zonse ziŵiri pamene tidagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1. Pa 25 Januwale, mu mzinda wa Yaoundé, adamenya mpira ali kutali kwambiri ndi golo, nudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou. Tidagonja 2 kwa 1, koma chigoli chimenecho dziko lonse lidachiona. Apa a gulu loyamba lija ali ndi mfundo: luso silitha ngati sopo, ndipo woseŵera wodziŵa golo angathe kusintha maseŵero m'kamphindi.

Koma mpikisano womwewo ukuikiranso umboni mbali inayo. Chimene chidatipititsa ku ndime yachipulula, koyamba chiyambire, ndi maseŵero a pa 18 Januwale, pamene tidalepherana 0 kwa 0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene idadzatenga chikhocho. Tsikulo palibe Mmalaŵi adamwetsa chigoli. Ntchito idagwiridwa ndi otchinga kumbuyo, oseŵera pakati amene ankabwerera msanga mpira ukatayika, ndi goloboyi wachinyamata Charles Thom. Pointi imodzi ija idakwanitsa mapointi 4, ndipo ndi mapointi 4 amenewo tidapitirira. Kodi umenewo tiutche mpira wamantha? Pamene mdani wako ali wamphamvu kukuposa, kutseka pakhomo ndi nzeru, ndipo kuthamangira kutsogolo nonse ndi kusiya nkhuku m'manja mwa mphamba.

Patapita chaka, mu Malichi 2023, mphunzitsi wa ku Romania, Mario Marinica, adamusiya Mhango pa mndandanda wa okakumana ndi Egypt. Tidagonja 2 kwa 0 ku Cairo ndi 4 kwa 0 pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, ndipo pasanapite nthaŵi yaitali ntchito ya mphunzitsiyo idatha. Anthu ambiri adati, «Mwaona nanga? Akadakhalapo Gaba sizikadatero.» Mwina tikadapeza chigoli, pakuti m'maseŵero aŵiriwo sitidagoletse ngakhale chimodzi. Koma zigoli 6 zimene tidamwa zidaloŵera kumbuyo, kumene womwetsa zigoli saimako. Apa pakuonekera chizoloŵezi chathu ochemerera: timu ikagonja, woseŵera wabwino koposa amakhala uja sadaseŵere, chifukwa iye yekha ndiye sadalakwitse kanthu. Wa kunja kwa bwalo saphonya chigoli.

Lolemba madzulo ndidatenga mwana wa mlongo wanga uja kupita naye kwa mphunzitsi. Poyamba adakana, amvekere, «Amalume, munthu amene wandichititsa manyazi pamaso pa midzi itatu ndikamuuza chiyani?» Ndidamuyankha kuti sitikupita kukanena, tikupita kukamva. Tidaodira, natilandira pakhonde mwaulemu, ngakhale nkhope yao inkaonetsa kuti tulo sadaluone bwino.

Ine ndidati, «Aphunzitsi, ife tidaona maseŵero tili kunja. Tabwera kuti mutiuze zimene inu mudaona.» Iwo adaloŵa m'nyumba natulutsa kope la sukulu m'mene amalemba maina a obwera ku zokonzekera. Pa masiku 9 otsiriza, mnyamata wathuyo adabwera masiku 2 okha. Mnzake amene anthu ankati adamukondera sadajombe ndi tsiku limodzi lomwe. Adandifunsa kuti, «Bambo, ndikadamuyambitsa uyu, maŵa lake ndikadaŵauza chiyani anyamata 20 amene amabwera tsiku lililonse, ena osadya nkomwe masana?»

Kenaka adafotokoza za bwalo. Monga mukudziŵa, dziko la kwathu ndi lamapiri, ndipo bwalo tidaseŵerapolo ndi lopendekeka. M'chigawo choyamba ife tinkakwera mtunda, mwera ukutiomba kumaso. M'malo otere mpira wautali sufika patali, ndipo oseŵera akutsogolo amangoima osaugwira. Nchifukwa chake adaika anthu 5 pakati, kuti atseke njira ndi kusunga 0 kwa 0 mpaka pa nthaŵi yopuma, kenaka aloŵetse womwetsa zigoli ali ndi mphamvu zake zonse, timu ikutsika mtunda mphepo ili kumsana. Maganizowo adaonongeka ndi kona imodzi, pamene otchinga kumbuyo aŵiri adasiyirana mpira, aliyense poganiza kuti mnzake aumenya ndi mutu. Adavomera okha, osafunsidwa, kuti pamenepo adachedwa kuonjeza woseŵera wachiŵiri kutsogolo, ndipo kuti akadatero chigawo chachiŵiri chitangoyamba mwina tikadabweza chigolicho. Mutu ukakula suleŵa nkhonya, ndipo iwo sadaileŵe.

Tsono adatembenukira kwa mnyamatayo namufunsa m'mene adamvera m'chifuwa ataseŵera mphindi 15. Iye adaŵerama osayankha. Ine ndemwe ndidamuona tsiku lija atagwira maondo, kupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati, koma pa golosale paja ndidakhala chete chifukwa magazi salimbana ndi madzi a pachitsime: ndi mwana wa mlongo wanga. Ndikuvomera pano kuti kukhala chete kwangako kudathandiza bodza kukula.

Nditamufunsa chifukwa chimene ankajombera, adayankha motsitsa mau kuti ankapita ku Lizulu kukachita ganyu yokweza matumba a mbatata ya kachewere pa malole, kuti apeze ndalama yoonjezera pa feteleza wa amai ake. Adaululanso kuti pobwerera ankaima ku nyumba ya kanema kuonera mpira wa ku England mpaka usiku. Za ganyuzo mphunzitsi sankazidziŵa. Mnyamata sadapite kukatsanzika, mphunzitsi naye sadatume munthu kukafunsa. Adangoti, «Mwana wanga, ukadandiuza, tikadapangana kuti uzithamanga m'mamaŵa usanapite. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.» Onse aŵiri adakhala chete kanthaŵi, ndipo ine ndidaona kuti mlandu wonse uja, wa miyala ndi mau onyoza, udamera pa mau ochepa amene sadanenedwe pa nthaŵi yake.

Inu achinyamata, tsutsanani za mpira, pakuti kutero kumanola nzeru. Koma musanaŵeruze mphunzitsi, kaya wa Flames kaya wa m'mudzi, dzifunseni mafunso angapo. Kodi woseŵera ndikumufunayu waseŵera bwanji masabata apitaŵa, osati zaka zapitazo? Kodi ali ndi mphamvu zothamanga mphindi 90? Kodi akaloŵa iye, atuluke ndani, ndipo ntchito ya wotulukayo aigwire ndani? Kodi mdani wathu ndi wolimba pati, ndipo ndi wofooka pati? Amene angathe kuyankha mafunso ameneŵa akulankhula za mpira. Amene sangathe akungokuwa. Dziŵaninso kuti oonera amaona mphindi 90 zokha, pamene mphunzitsi amaona sabata yonse: wojomba, wodwala, wobisa bala, ndi wogona mochedwa. Angathe kulakwa, monga adalakwira wathu uja, koma kulakwa pa kaimikidwe ka oseŵera si kuba, ndipo kunena munthu kuti wadya ndalama popanda umboni ndi kumuvula ulemu umene waupeza m'zaka zambiri.

Ndidaonanso kuti ena mwa okwiya kwambiri adaali atabetcha ndalama pa maseŵerowo. Munthu wotere sakuoneranso mpira, akuonera ndalama yake, ndipo ikapita amafuna munthu woti amusenzetse mlandu. Makolo, muzifunsa ana anu ngati mkwiyo wao ukuchokera ku chikondi cha timu kapena ku thumba lobooka.

Ndipo inu makolo anzanga, mwana wathu akasiyidwa kunja mtima umaŵaŵa, zimenezo nzoona. Koma tikamuuza kuti amuchitira nsanje tisanafufuze, timamuphunzitsa kuti kulephera kwake kulikonse kuli ndi mwini wake wina. Mwana wophunzira zimenezo pa bwalo la mpira adzazinenanso akadzalephera mayeso, akadzachotsedwa ntchito, ndiponso banja likadzagwedezeka. Ndi bwino kumugwira dzanja ndi kupita naye kukafunsa, ngakhale yankho lake likhale loŵaŵa.

Ndisanachoke kumudzi, anyakwaŵa adaitanitsa komiti ndi makolo, ndipo adagwirizana kuti mudzi ukonze malata aŵiri amene adabooka. Ogendawo sadapezeke. Mphunzitsi adati ayamba waganiza kaye ngati angapitirize, pakuti mai a kunyumba kwao adaali asanaiŵale kulira kwa ana usiku uja, ndipo palibe adaŵakakamiza. Mipira idakali kunyumba kwao. Mlongo wanga wandiuza pa lamya kuti mwana wake akudzuka tambala woyamba kukathamanga mtunda wa kuseri kwa sukulu asanapite ku ganyu, ndipo kuti masiku ena amapita ndi mnzake uja adamulanda malo.

Mbuzi idapita kumudzi wina chaka chino.