Bala Lapola, Nanga Kapamba Alipo?

Kuno ku Mkanda ngozi za njinga zamoto za kabaza, kugubuduzika kwa ngolo ndi kugwa mumtengo wa mango si zachilendo. Munthu akamenyeka kumanzere, pansi pa nthiti, chiwalo chimene chimavulala kawirikawiri ndi kapamba, amene madokotala amamutcha spleen. Kwa amene akhala akudwala malungo pafupipafupi, kapambayu amakhala wotupa kale, ndiye sachedwa kung'ambika. Magazi amatayikira m'mimba, kunja osaoneka.

Wodwala wotere akatumizidwa ku chipatala cha boma ku Mchinji kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pali njira ziwiri. Magazi akasiya okha, madokotala amamugoneka ndi kumuyang'anira, kapamba n'kupola. Munthuyo chitetezo chake chimakhalapobe, koma apewe kulima, kunyamula matumba ndi mpira mpaka dokotala atamulola. Magazi akapitirira kutayika, amachotsa kapambayo kuti apulumutse moyo.

Apa m'pamene mabanja ambiri amaphonya. Timayang'ana chipsera, tikaona chauma timati wachira. Koma kapamba ndi sefa ya magazi: amakola maselo ofiira amene alowedwa ndi tizilombo ta malungo, komanso mabakiteriya oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Sefayo ikachoka, kutentha thupi kumene kwayamba m'mawa kukhoza kufika poopsa tsiku lomwelo. Chiopsezo chimakula kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira, koma sichitha moyo wonse.

Choncho abale anga, musanatuluke m'chipatala funsani mosapita m'mbali: kodi kapamba mwachotsa kapena alipo? Yankholo lilembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo bukulo lisamasiyidwe, ngakhale paulendo wa ku Chipata. Funsaninso za katemera wa chibayo, amene kawirikawiri amaperekedwa pakatha masiku 14 chichitikireni opaleshoni. Katemerayu anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2011, ndiye akuluakulu ambiri sanalandire.

Ndimalimbikitsa ndiwo zamasamba, zipatso ndi madzi ambiri monga mukudziwira, koma ndinene poyera: zimenezi sizilowa m'malo mwa kapamba. Wochotsedwa kapamba azigona m'neti usiku uliwonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Thupi likangotentha, asamwe panado n'kudikira kuche. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, akayezetse malungo, ndipo mawu oyamba kwa adokotala akhale akuti alibe kapamba. Galu akamuluma, ngakhale kabala kakhale kakang'ono, achitenso chimodzimodzi.