Mwana akhale DJ wa filimu m'kalasi

Mayeso a teremu yoyamba akangotha mu Disembala, sukulu zathu kuno kwa Tsabango zimasanduka pongochezera. Aphunzitsi ali kalikiliki kuchonga mapepala, ana akuthamangitsana m'matope, ena sabweranso mpaka tsiku lotsekera. Masiku amenewa ndi amene ndikanakonda filimu italowa m'kalasi ya Chingerezi.

Makolo akamva za filimu amaganiza za vidiyo shoo za ku Area 23 ndi ku Chinsapo, kumene ana amathawira sukulu. Koma tasuzumirani m'kachipinda kamdima kaja, kachinsalu pakhomo, sipika ili panja. Pa sikirini pali mzungu, koma mawu ndi a DJ womasulira m'Chichewa, akuthiramo nthabwala zake mpaka kumupatsa mwini filimu dzina la kwathu kuno. Ndi luso, ndisaname. Vuto n'loti mwana amaonera filimu yonse osamvamo Chingerezi n'chiganizo chimodzi chomwe. Mwana yemweyu adzakumana ndi MANEB pa Fomu 4, pomwe satifiketi ya MSCE siituluka ukalephera Chingerezi, ngakhale masamu utakhoza bwanji.

Mphunzitsi abe nzeru ya DJ yemweyo. Asaonetse filimu yonse, chifukwa ndi kuchuluka kwa ana m'makalasi athuwa ingokhala vidiyo shoo ina, mwini kalasi ali pa WhatsApp. Asankhe kachigawo ka mphindi zitatu kapena zisanu, mawu a Chingerezi akuoneka m'munsi, aonetse kawiri. Kachitatu atseke mawu n'kuitana mwana mmodzi kutsogolo kuti auze anzake m'Chichewa zomwe anthu aja anena. Apa ndiye pamatentha. Wina kumbuyo akuwa, "Bodza, sanatero!" ndipo kuti apambane mkanganowo ayenera kubwereza m'Chingerezi zimene wamva. Mwana amene chaka chonse sanakwezepo dzanja wayankhula osadziwa. A Fomu 3 atha kutembenuza: aonere mawu atatsekedwa, aikemo Chingerezi chawochawo.

Nanga filimu yake iti? Ya Khirisimasi yotchuka ndi Home Alone ya 1990, ya kamnyamata Kevin komwe anakaiwala pakhomo ku Chicago banja lonse likupita ku Paris. Ana amaseka mpaka misozi mbava zodzaba m'nyumbamo zikamaterereka pa masitepe, ina n'kupsa mutu, koma pamenepo n'kukuwa chabe, palibe chophunzira. Chingerezi chili koyambirira, pomwe abale akukanganirana pizza, komanso m'tchalitchi mmene Kevin akucheza ndi gogo woyandikana naye nyumba amene ankamuopa. Chipale chofewa cha m'filimuyi nacho chimapereka mutu wa chimangirizo: Khirisimasi ya kwa Kevin ikusiyana bwanji ndi yathu ya mvula, mpunga wa nkhuku ndi malaya a pa kaunjika?

Ine mtima uli pa The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ngakhale si ya Khirisimasi. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi m'chaka cha njala, n'kudziphunzitsa m'mabuku a mulaibulale kupanga magetsi a mphepo. M'filimuyi anthu akuyankhula Chichewa pakhomo, Chingerezi kusukulu, momwe amakhalira mwana wa ku Kawale. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, mmodzi mwa osewera m'filimuyi, chidzawaseketsa ana ndithu, ndipo asiyeni aseke. Aone kuti katswiri wobadwira ku London akupunthwa m'chiyankhulo chathu dziko lonse likuonera, koma sakuleka kuyankhula.

Wina anena kuti sukulu ilibe pulojekita. Laputopu yobwereka ndi kasipika ka Bluetooth zikwana, ana azionera m'magulu pomwe enawo akulemba. Chachikulu muzitchajiretu usiku, magetsi athuwa mukuwadziwa. Ndipo mphunzitsi ayambe waonera yekha kachigawoko kunyumba, chifukwa mafilimu ena olembedwa kuti ndi a Khirisimasi ali ndi zinthu zoti komiti ya makolo ikamva, ahedi aitanidwa m'mawa mwake.