TIKAMBIRANE: Chithunzi sichikhutitsa mimba

Abale anzanga a m'mbali mwa nyanja, sabata ino tikambirane za malonda a zakudya. Aliyense amene anafikako ku Lichinga, ku Mzuzu kapena ku Joni anaonapo zikwangwani za malo odyera. Pachithunzi nkhuku imakhala yonona, chipisi chili tho m'mbale, mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Koma ukangopereka ndalama, amakubweretsera kaphiko kouma ndi timbatata towerengeka. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ku America nkhani yotereyi inafika kubwalo la milandu. M'chaka cha 2022 anthu ena anasumira kampani ya Burger King ku Florida. Iwo anati buledi woika nyama pakati, wotchedwa Whopper, amaoneka wamkulu pazithunzi ndi 35 peresenti kuposa amene munthu amalandira. Kampaniyo inakana, koma mu 2023 woweruza Roy Altman analola kuti mbali ina ya mlanduwo ipitirire. Chaka chomwecho mlandu wofanana nawo, wosumira McDonald's ndi Wendy's ku New York, unathetsedwa.

Nkhani yopatsa phunziro kwambiri ndi ya kampani ya Subway. Iwo ankalengeza buledi wotalika mainchesi 12, koma mu 2013 mnyamata wina wa ku Australia anayeza wake napeza mainchesi 11 okha. Ogula a ku America anasuma, ndipo mbali ziwirizo zinagwirizana kuti maloya alandire madola 520,000, pamene anthu khumi oimirira ogula anzawo alandire madola 500 aliyense. Mu 2017 bwalo la apilo linakana mgwirizanowo poona kuti wopindula ndi loya, wogula wamba watsala chimanjamanja.

Nanga ife kuno lamulo likutinji? Ndime 92 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique imaletsa kutsatsa malonda monyenga, ndipo pali lamulo loteteza ogula, nambala 22 la chaka cha 2009. Anzathu a ku Likoma ndi Chizumulu nawo ali ndi lamulo la ku Malawi la mu 2003. Choncho munthu wodandaula kuti wanamizidwa asamachite manyazi, sakupempha chifundo ayi, ndi ufulu wake.

Komabe tinene zoona. Ndani angachoke ku Cobué, kulipira ulendo ndi kutaya masiku a ntchito chifukwa cha mbale imodzi ya chipisi? Bwalo lathu loyamba ndi maso athu. Musanapereke ndalama, funsani mtengo, onani mbale imene mnzanu walandira. Chikasiyana ndi chimene analonjeza, chibwezeni pomwepo mwaulemu. Wogulitsa akachita makani, kauzeni mkulu wa msika, ndipo chizolowezicho chikapitirira, pitani angapo ku ofesi ya boma yoona zamalonda ku Metangula. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono tisaloze chala makampani akutali okha. Padoko pathu pompano pali zidebe zoyezera usipa zokhomedwa pansi kuti zilowe pang'ono. Pali milu ya utaka, zazikulu pamwamba, tating'ono ndi zoola pansi. Pali achiwaya amene amakulawitsa nyama yofewa, koma m'pepala n'kukukulungira mitsempha. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi chithunzi chabodza chija? Amene tikumubera ndi mayi wamasiye wa mudzi woyandikana nawo, kapena wogula wochokera ku Lichinga amene akanabweranso mwezi wamawa.

Wamalonda wonyenga amadya tsiku limodzi, mawa lake mbiri yamutsogolera kale pabwato mpaka kutsidya. Inu ogulitsa, chimene mwaonetsa pamwamba chikhale chomwecho mpaka pansi. Inu ogula, tsegulani maso ndi pakamwa pomwe.

Tikumanenso sabata yamawa.