ZA PAKHOMO PATHU: Kaduwa Kotchedwa Mchira wa Bulu

Mwezi uno ndifuna kuti tikambirane za kaduwa kamodzi kamene kandiphunzitsa nzeru pa khonde langa kuno kwa Kamwendo. Mudziwa nonse kuti pa mwezi wa Okutobala zitsime zimaphwa, ndipo amai amalawira m'mamawa kukalinda madzi pa mjigo. Nanga ndani angalimbe mtima kuthira madzi otere pa maluwa? Chifukwa chache mabwalo athu ambiri angoti mbee, fumbi lokhalokha. Koma kalipo kaduwa kamene sikalira mtsuko.

Akatswiri a zomera amakatcha Sedum morganianum, dzina limene Eric Walther wa ku California analemba m'chaka cha 1938. Kwao ndi ku Mexico, dziko lomwe kunachokera chimanga ndi khonje wathu. Kumeneko kamamera pa matanthwe a chigawo cha Veracruz, ndipo eni dziko amati mchira wa bulu, popeza nthambi zache zimalendewera pansi, kutalika kufikira masentimita 60, zodzala ndi timasamba tonenepa tobiriwira motuwa.

Taonani chinsinsi chache. Zomera zambiri zimatsegula timabowo ta m'masamba usana, ndipo dzuwa limamwa madzi ao. Kaduwa aka ndi abale ache amatseka timabowoto usana, natsegula usiku kukazizira. Pamenepo amakoka mpweya, nausunga kufikira kutacha. Motero tsamba liri lonse liri ngati kamtsuko kotseka bwino.

Tsono mdani wache si chilala ai, koma madzi. Ine ndinaona ndi maso anga. Nditalandira nthambi ziwiri kwa mnzanga wa ku Lilongwe, mwana wanga wamkazi anazikonda koposa, nazithirira m'mawa ndi madzulo monga ndiwo za kudimba. Ndiponso ndine ndinaika mphikawo pansi pa msomo wa denga, pamene pamagwera mvula ya Januwale. Pasanathe masabata atatu tsinde linada, linafewa, ndipo linabvunda. Mwanayo analira, koma wolakwa ndinali ine. Akulu anati m'mphechepeche mwa njobvu sapitamo kawiri. Chotero mverani zimene ndichita tsopano.

Choyamba, tengani mphika wakale wong'aluka, muuboole pansi kuti madzi azituluka. Ikani timapale kapena timakala pansipo. Sakanizani mchenga wa kumtsinje magawo awiri ndi dothi gawo limodzi. Katondo yekha, kapena makande a kudambo, amagwira madzi, ndipo mizu imafa.

Chachiwiri, mukadula nthambi musaibzale tsiku lomwelo. Igonekeni pa mthunzi masiku atatu kuti bala liume, kenaka muizike pang'ono. Timasamba tache timathothoka msanga tikakhudzidwa, musatitaye. Tigonekeni pamwamba pa mchenga, ndipo patapita masabata owerengeka mudzaona timizu ndi kamphukira. Tsamba limodzi ndi mbeu yokwanira.

Chachitatu, pachikani mphikawo ndi chingwe pansi pa khonde, kumene kumafika dzuwa la m'mawa. Dzuwa la masana a chilimwe limawaula masamba. Pamwambapo nkhuku sizijompha, mbuzi sizifikira, ndipo mvula ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, sibvumbwa pa iko.

Chachinai, musanathire madzi, pisani chala m'dothi. Mukamva chinyezi, lekani. Likauma gwa, thirani mpaka madzi atuluke pansi, ndipo mudikirenso. Nyengo yotentha kamodzi pa sabata nkokwanira. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chepetsaninso. Masamba akakwinyika ndiye kuti ali ndi ludzu, ndipo achira msanga. Akasanduka achikasu ndi kufewa ndiye kuti mwapyola muyeso, ndipo kuchira kwache nkobvuta.

Pa nthambi zobvunda zija ndinatola timasamba tisanu tamoyo. Titatu tinaphuka, ndipo lero tikulendewera pa khonde, mwana uja ndiye mlonda wache. Waphunzira kuti pali nthawi yopatsa ndi nthawi yobweza dzanja, ndipo chala chache chimayamba chafunsa dothi.

Amene afuna mbeu abwere ndi mphika wache wong'aluka, adzatenge tsamba, sindigulitsa.