Yapita kuti mphindi imodzi ya namwino?

Piritsi la atenolol ndi laling'ono, koma ntchito yake ndi yoweta mtima: limatchinga mphamvu ya adrenaline kuti mtima uzigunda mofatsa, BP itsike. Propranolol, bisoprolol ndi carvedilol ndi a banja lomweli, lotchedwa beta-blocker. Ndi mankhwala opulumutsa moyo, ndipo James Black, amene adatulukira propranolol, adalandira mphotho ya Nobel mu 1988. Koma kodi tikuwapereka monga m'mene amafunikira?

Namwino aliyense adaphunzira kusukulu kuti asanapereke piritsili, aike zala ziwiri pamkono wa wodwala, maso pa wotchi, n'kuwerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu. Mtima ukamagunda kosakwana ka 60, ayambe wafunsa dokotala. Ndi m'mawodi angati momwe mphindi imeneyi ikupezekabe? Kapena mapiritsi amangotsanuliridwa m'manja mwa gadiyani, namwino n'kuthamangira pabedi lina?

Ndani adafunsa agogo olandira mankhwalawa ngati ali ndi mphumu? Propranolol amafinya njira za mpweya, ndipo wamphumu akhoza kubanika. Nanga wodwala shuga adauzidwa chiyani? Shuga akatsika, mtima umathamanga pochenjeza mwini wake. Mankhwalawa amabisa chenjezolo, chotsala n'thukuta basi. Adamuuza ndani kuti akamadzuka pamphasa aziyamba wakhala tsonga, kuopa chizungulire?

Palinso bambo amene mphamvu zakuchipinda zachepa chifukwa cha mankhwalawa. Manyazi am'gwira, ndiye wangosiya mankhwala mwakachetechete. Kodi akudziwa kuti kusiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima, kumakweza BP, mwinanso kudwalitsa mtima modzidzimutsa? Ngati kusiya n'koopsa chotere, n'chifukwa chiyani timauza wodwala kuti "mankhwala atha, mukagule ku famase" osafunsa ngati m'thumba muli kanthu?

Sitikuloza chala anamwino okha. Munthu mmodzi woyang'anira wodi yodzaza mpaka ena kugona pansi, mphindiyo aitenga kuti? Funso limeneli ayankhe ndi a Unduna wa Zaumoyo: lembani anamwino okwanira, ndipo mankhwalawa asamasowe m'zipatala.

Inunso odwala ndi magadiyani, safunsa adadya phula. Onetsani buku lanu lakuchipatala, tchulani mphumu, tchulani shuga, ndipo musanameze piritsi tambasulani mkono n'kunena kuti: "Anesi, tandiyezani kaye."